Khunyu losagwetsa mwana limachizika, koma si mankhwala onse a khunyu omwe amathandiza

Anthu ambiri akamva za khunyu amaganiza za munthu wogwa pansi, wophiriphitha ndi kutuluka thovu kukamwa. Komatu pali mtundu wina wa matendawa womwe umagwira ana a msinkhu wa kupulayimale popanda kuwagwetsa, ndipo kawirikawiri pamapita miyezi yambiri makolo ndi aphunzitsi asanazindikire kuti mwanayo akudwala.

Mwana wodwala khunyu la mtundu umenewu amasiya mwadzidzidzi chomwe amachita, n'kuyang'ana malo amodzi kwa masekondi owerengeka osamva chilichonse, kenaka n'kupitiriza ngati palibe chomwe chachitika. Madokotala amalitcha absence seizures pachingerezi, kutanthauza kuti m'kanthawi kochepako maganizo a mwanayo amakhala atachoka. M'nkhani ino tizilitcha khunyu losagwetsa.

Chosangalatsa n'chakuti khunyu limeneli limamva mankhwala, ndipo ana ambiri amachira akamatha msinkhu. Koma pa chithandizo chake pali pofunika kusamala kwambiri chifukwa ena mwa mankhwala a khunyu omwe amapezeka mosavuta m'zipatala, monga carbamazepine, phenytoin ndi phenobarbitone, sathandiza pa mtundu umenewu ndipo amatha kukulitsa vutolo.

N'chifukwa chake nkhaniyi ikukhudza ogwira ntchito zaumoyo, akuluakulu a zamaphunziro komanso omwe amakonza ndondomeko zogulira mankhwala a m'zipatala za boma.

Momwe matendawa amaonekera

Malinga ndi bungwe la akatswiri a khunyu pa dziko lonse la International League Against Epilepsy, khunyu losagwetsa la ana limayamba mwana ali ndi zaka zapakati pa 4 ndi 10, makamaka pakati pa 5 ndi 7. Limagwira atsikana ochulukirapo poyerekeza ndi anyamata, ndipo mwa ana 10 aliwonse a msinkhu wa sukulu omwe ali ndi khunyu, mmodzi kapena awiri amakhala ndi mtundu umenewu.

Likamugwira mwana, limatenga masekondi apakati pa 4 ndi 20, ndipo nthawi zambiri limakhala la masekondi pafupifupi 10. Ngati amayankhula amadukiza mawu pakati, ngati amadya dzanja limaima m'malere, ndipo ngati amayenda amaima kapena kupitiriza kuyenda osadziwa komwe akupita. Ana ena amaphethiraphethira, ena amanyambita milomo kapena kugwiragwira malaya awo.

Likatha, mwanayo amabwerera mwakale nthawi yomweyo. Satopa, sagona tulo ndipo sasokonezeka mutu monga amachitira munthu yemwe wagwa khunyu lophiriphitha. Nthawi zambiri iye mwini sadziwa n'komwe kuti china chake chachitika.

Kuopsa kwake kuli pa kuchuluka kwa nthawi zomwe limabwera. Mwana wosalandira chithandizo atha kugwidwa maulendo makumi angapo pa tsiku, ndipo ena amapitirira maulendo 100. Izi zikutanthauza kuti m'kalasi amamva chiyambi cha chiganizo cha mphunzitsi, n'kuphonya pakati, n'kudzamvanso kumapeto. Pakutha pa teremu zotsatira za mayeso zimatsika, ndipo mwanayo amayamba kutchedwa waulesi, wamwano kapena wogona m'mutu. Ena amalangidwa kunyumba kaamba koti sayankha akaitanidwa.

Chomwe chimachitika mu ubongo

Ubongo umagwira ntchito kudzera m'timphamvu ta magetsi tomwe maselo ake amatumizirana. Mkati mwa ubongo muli gawo lotchedwa thalamus lomwe limalandira mauthenga ochokera m'maso, m'makutu ndi pakhungu n'kuwapititsa ku gawo lakunja la ubongo komwe munthu amazindikirira zinthu.

Pa khunyu losagwetsa, magawo awiriwa amayamba mwadzidzidzi kutumizirana magetsi mobwerezabwereza pa liwiro limodzi, katatu pa sekondi iliyonse, mbali zonse ziwiri za ubongo nthawi imodzi. Zikatero mauthenga ochokera kunja sapeza njira, ndipo mwanayo amangoti duu kufikira magetsiwo atabwerera mwakale.

Mawu oti absence adayamba kugwiritsidwa ntchito pa matendawa ndi dokotala wa ku France, Louis-Florentin Calmeil, m'chaka cha 1824, ndipo kwa zaka zambiri madokotala ankawatchanso petit mal, mawu a Chifalansa otanthauza kudwala kwakung'ono. Mu 1929, dokotala wa ku Germany, Hans Berger, adafalitsa njira yojambulira magetsi a mu ubongo wa munthu, yomwe masiku ano imadziwika kuti EEG. Patapita zaka 6, mu 1935, akatswiri atatu a mumzinda wa Boston ku America, Frederic Gibbs, Hallowell Davis ndi William Lennox, adaonetsa pa makinawa chizindikiro cha magetsi ogunda katatu pa sekondi chija. Mpaka lero chizindikirochi ndi chomwe madokotala amadalira potsimikiza matendawa.

Akatswiri amagwirizana kuti khunyu losagwetsa la ana limakhudzana ndi chibadwa chakumtundu, ndipo ana ena odwala amakhala ndi wachibale yemwe adadwalapo khunyu. Ubongo wa mwanayo umakhala wopanda bala kapena chotupa. Monga mitundu ina yonse ya khunyu, limeneli silipatsirana kudzera m'malovu, m'mpweya kapena podyera pamodzi, ndipo silidza kaamba ka ufiti.

Kuzindikira matenda kutsogole

Popeza mankhwala amasankhidwa potengera mtundu wa khunyu, ntchito yoyamba ya achipatala ndi kusiyanitsa khunyu losagwetsa ndi zinthu zina ziwiri zomwe zimafanana nalo.

Choyamba ndi kungobalalika maganizo, komwe mwana aliyense amachita akatopa kapena phunziro likamukwana. Mwana wotere amadzidzimuka mukamugwira paphewa kapena kumuitana mokweza. Yemwe wagwidwa khunyu losagwetsa sayankha ngakhale mumugwedeze, ndipo limamugwira ngakhale ali pakati pa masewera omwe amawakonda.

Chachiwiri ndi khunyu lomwe limayambira mbali imodzi ya ubongo. Nalonso limachititsa mwana kuyang'ana malo amodzi osayankha, koma limatenga nthawi yotalikirapo, kawirikawiri kuyambira theka la mphindi mpaka mphindi ziwiri, silibwera kambirimbiri pa tsiku, ndipo likatha mwanayo amakhala wotopa ndi wosokonezeka.

Khunyu loyambira mbali imodzili nthawi zambiri limadza ubongo ukavulala, mwachitsanzo pa nthawi yobadwa, pa ngozi, kapena mwana akadwala matenda oumitsa khosi kapena malungo a mu ubongo. Kuno ku Malawi, kafukufuku yemwe adachitikira pa chipatala cha Queen Elizabeth mumzinda wa Blantyre, ndipo adasindikizidwa mu 2010 m'magazini ya Lancet Neurology, adapeza kuti ana 12 mwa ana 132 omwe adapulumuka ku malungo a mu ubongo adadzayamba kudwala khunyu.

Kusiyanitsa mitundu iwiriyi n'kofunika kwambiri chifukwa carbamazepine, yemwe amathandiza bwino pa khunyu loyambira mbali imodzi, ndi yemweyo amene amatha kuchulukitsa khunyu losagwetsa.

Njira yotsimikizika ndi kujambula ubongo pa makina a EEG, koma makinawa sapezeka m'zipatala zing'onozing'ono. Mwamwayi pali njira ina yosafuna makina. Dokotala amauza mwana kuti apume mwamphamvu ndi mofulumira kwa mphindi 3 mpaka 5, nthawi zina pouzira kapepala, uku akuwerenga mokweza mpweya womwe akutulutsa. Mwa ana ambiri omwe ali ndi khunyu losagwetsa ndipo sanayambe mankhwala, kupuma kotereku kumaliyambitsa dokotala akuona. Kuyeza kumeneku kuzichitikira kuchipatala kokha chifukwa ana ena, monga a mphumu, a matenda a mtima ndi a sickle cell, sayenera kupumitsidwa motero.

Makolo ndi aphunzitsi athanso kuthandiza pojambula mwanayo pa foni nthawi yomwe wagwidwa, komanso kulemba maulendo omwe zachitika pa tsiku ndi kutalika kwake.

Mankhwala atatu odziwika

Mankhwala oyamba omwe adaonetsa mphamvu pa khunyu losagwetsa adali trimethadione, omwe William Lennox adalemba za ubwino wake mu 1945. Adasiyidwa patsogolo pake kaamba koti ankaononga magazi ndi impso komanso ankalumalitsa ana m'mimba. Masiku ano madokotala amadalira kwambiri mankhwala atatu.

Oyamba ndi ethosuximide, omwe adayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1958 ndipo m'maiko ena amadziwika ndi dzina la Zarontin. Amagwira ntchito pochepetsa kulowa kwa mchere wa calcium m'maselo a thalamus, komwe kumayambitsa kugunda kobwerezabwereza kuja. Amapezeka ngati makapisozi komanso amadzi. Mavuto omwe amadza nawo kawirikawiri ndi nseru, kusanza, kupweteka kwa m'mimba, kusafuna kudya, kuodzera ndi mutu, ndipo ambiri mwa mavutowa amachepa mwana akamamwa mankhwalawo atadya. Mwa apo ndi apo amasokoneza magazi, choncho mwana akatentha thupi, kumva zilonda kukhosi kapena kutuluka magazi popanda chifukwa ayenera kubwerera kuchipatala msanga.

Chofooka cha ethosuximide n'chakuti amaletsa khunyu losagwetsa lokha. Ngati mwana ali ndi mitundu iwiri, losagwetsa ndi lophiriphitha, mankhwalawa paokha samuteteza kuti asagwe.

Achiwiri ndi sodium valproate, omwe ambiri amawadziwa kuti Epilim. Mphamvu yawo pa khunyu idapezeka ku France kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, ndipo adalowa pamsika m'dzikolo mu 1967. Ubwino wawo ndi woti amaletsa mitundu yambiri ya khunyu, kotero ndi omwe madokotala amasankha mwana akakhala ndi mitundu iwiri ija. Amatha kunenepetsa, kuthothola tsitsi, kunjenjemeretsa manja ndi kuchepetsa tizigawo ta magazi tomwe timathandiza kuti bala lisiye kukha. Mwa ana ochepa amaononga chiwindi kapena kapamba, ndipo chiopsezo cha chiwindi chimakula mwa ana osakwana zaka 3. Vuto lawo lalikulu likukhudza atsikana, monga tifotokozere kutsogoloku.

Achitatu ndi lamotrigine, omwe adatulukira ku Britain kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Ana ambiri amawamwa popanda mavuto aakulu, koma mphamvu yawo pa khunyu losagwetsa ndi yocheperapo. Amayenera kuyambidwa pa mlingo wochepa kwambiri ndi kuonjezeredwa pang'onopang'ono kwa masabata angapo, chifukwa kufulumira kumatha kudzetsa matenda oopsa a khungu otchedwa Stevens-Johnson, omwe amasupula khungu ndi kutulutsa zilonda m'kamwa ndi m'maso. Mwana yemwe watuluka zidzolo atangoyamba lamotrigine afunika kuonedwa ndi dokotala tsiku lomwelo.

Kafukufuku yemwe adayankha funso

Kwa zaka zambiri madokotala ankasiyana maganizo pa mankhwala oyenera kuyambira chifukwa padalibe kafukufuku wamkulu wofananitsa atatuwa. Yankho lidadza mu March 2010 pomwe magazini ya New England Journal of Medicine idasindikiza zotsatira za kafukufuku yemwe adatsogoleredwa ndi Dr. Tracy Glauser wa pa chipatala cha ana cha mumzinda wa Cincinnati ku America.

Kafukufukuyu adachitika m'zipatala 32 za m'dzikolo ndipo adakhudza ana 453 omwe adali atangopezeka kumene ndi khunyu losagwetsa. Anawo adagawidwa mwamaere m'magulu atatu, ndipo makolo ngakhalenso madokotala owaona sankadziwa mankhwala omwe mwana aliyense ankamwa.

Patatha masabata 16, ofufuzawo adawerenga ana omwe khunyu lidasiya ndipo ankapitiriza mankhwala popanda vuto lowasiyitsa. Pa gulu la valproate adali ana 58 mwa 100 aliwonse, pa gulu la ethosuximide adali 53 mwa 100 aliwonse, pomwe pa gulu la lamotrigine adali 29 okha mwa 100 aliwonse. Kusiyana kwa pakati pa valproate ndi ethosuximide kudali kochepa moti ofufuzawo adati mankhwala awiriwa ali ndi mphamvu yofanana.

Chomwe chidawasiyanitsa ndi momwe amakhudzira chidwi cha mwana. Atayezedwa luso lawo loika maganizo pa ntchito, ana 49 mwa 100 aliwonse a m'gulu la valproate adapezeka ndi vuto, poyerekeza ndi 33 mwa 100 aliwonse a m'gulu la ethosuximide.

Zotsatira za pakutha pa miyezi 12, zomwe zidatuluka mu 2013, zidatsimikiza zomwezi. Ana 45 mwa 100 a ethosuximide, 44 mwa 100 a valproate ndi 21 mwa 100 a lamotrigine ndi omwe adali akupezabe bwino pa mankhwala omwe adayambira.

Potengera umboni umenewu, ethosuximide ndi omwe amatengedwa kukhala mankhwala oyambira kwa mwana yemwe ali ndi khunyu losagwetsa lokha. Malangizo a mu 2022 a bungwe la NICE, lomwe limaunika njira za chithandizo ku England, amanenanso chimodzimodzi.

Ziwerengerozi zikuonetsanso kuti pafupifupi theka la ana silipeza bwino pa mankhwala oyamba. Zikatero makolo asataye mtima chifukwa dokotala amatha kusintha mankhwala kapena kuphatikiza awiri, ndipo ana ambiri amapeza thandizo pa ulendo wachiwiriwo.

Chenjezo pa atsikana ndi valproate

Popeza khunyu losagwetsa limagwira atsikana ochulukirapo, nkhani ya valproate ndi yofunika kuiganizira mwakuya. Malinga ndi bungwe loyang'anira mankhwala ku Britain la MHRA, mayi akamwa valproate ali woyembekezera, ana pafupifupi 11 mwa 100 aliwonse amabadwa ndi ulumali monga msana wosatsekeka bwino, mlomo wong'ambika kapena vuto la mtima, poyerekeza ndi ana 2 kapena 3 mwa 100 aliwonse pakati pa amayi ena onse. Kuonjezera apo, ana 30 mpaka 40 mwa 100 aliwonse amadzavutika pa kakulidwe, monga kuchedwa kuyankhula ndi kuvutika kuphunzira.

Kaamba ka izi, mu 2018 maiko a ku Ulaya adakhwimitsa malamulo kuti valproate asaperekedwe kwa mtsikana kapena mayi yemwe angathe kutenga pakati pokhapokha ngati palibe njira ina ndipo akutsata ndondomeko yopewera pakati. Mu January 2024 dziko la Britain lidaonjezera lamulo loti munthu wosakwana zaka 55 asayambe mankhwalawa pokhapokha madokotala awiri aukatswiri atavomereza. Nalo bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO lidalangiza mu 2023 kuti valproate asamaperekedwe kwa atsikana ndi amayi a msinkhu wobereka, ndipo m'malo mwake lidatchula lamotrigine ndi levetiracetam.

Mtsikana wa zaka 6 atha kupatsidwa valproate ngati dokotala waona kuti ndi oyenera, koma makolo afotokozeredwe za chiopsezochi pa tsiku loyamba, ndipo chithandizo chiunikidwenso mwanayo asanathe msinkhu. Mtsikana yemwe akumwa kale mankhwalawa asawasiye payekha chifukwa kusiya mwadzidzidzi kutha kudzetsa khunyu loopsa. Chofunika ndi kukaonana ndi dokotala kuti akonze kasinthidwe kake.

Mankhwala omwe amakulitsa vuto

Malangizo a NICE aja amatchula mankhwala omwe atha kuchulukitsa khunyu losagwetsa, omwe ndi carbamazepine, oxcarbazepine, phenytoin, phenobarbitone, gabapentin, pregabalin, tiagabine ndi vigabatrin.

Mndandanda umenewu ndi wofunika kwa maiko a mu Africa muno, kuphatikizapo Malawi, chifukwa phenobarbitone ndi carbamazepine ndi ena mwa mankhwala omwe zipatala zimadalira kwambiri pothandiza anthu a khunyu. Phenobarbitone, yemwe wakhala akugwiritsidwa ntchito kuyambira mu 1912, ndi wotsika mtengo ndipo wathandiza anthu ochuluka omwe amagwa khunyu lophiriphitha. Koma mankhwala abwino pa mtundu wina atha kukhala olakwika pa mtundu unzake.

Choopsa n'chakuti mwana wa khunyu losagwetsa akapatsidwa carbamazepine ndipo vuto likukula, wachipatala yemwe sadazindikire mtundu wa khunyulo amatha kuganiza kuti mlingo wachepa, n'kuuonjezera. Nthawi zina izi zimafikitsa mwana pokhala wosokonezeka kwa maola angapo, khunyu likubwera motsatizana. Choncho mwana yemwe akuipiraipira atayamba mankhwala afunika kumuunikanso kuti adziwe ngati mtundu wa khunyu udazindikirika molondola.

Kamwedwe ndi kasiyidwe ka mankhwala

Mlingo wa mankhwala a khunyu mwa ana umawerengedwa potengera kulemera kwa thupi, choncho mwana ayenera kukwera sikelo pa ulendo uliwonse wa kuchipatala kuti mlingo uzikula limodzi naye. Dokotala amayamba ndi mlingo wochepa n'kumaonjezera pang'onopang'ono mpaka khunyu litasiya. Pamenepa pamafunika kuleza mtima, paja akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mankhwalawa amamwedwa tsiku ndi tsiku pa nthawi yofanana, kawirikawiri m'mawa ndi madzulo, ngakhale mwana akuoneka kuti ali bwino. Makolo asagawire mwana mankhwala a wachibale wina wodwala khunyu, ndipo akaiwala kumupatsa asaphatikize milingo iwiri popanda kufunsa achipatala.

N'kofunikanso kudziwitsa dokotala za mankhwala ena onse omwe mwana akumwa, kuphatikizapo azitsamba. Mwachitsanzo rifampicin, yemwe ali m'mankhwala a chifuwa chachikulu, amachepetsa mphamvu ya lamotrigine m'magazi, pomwe valproate amachulukitsa lamotrigine komanso zidovudine, mmodzi mwa mankhwala otalikitsa moyo. Izi zikachitika mlingo umafunika kusinthidwa.

Mwana akatha zaka pafupifupi ziwiri osagwidwa, dokotala amaganizira zosiyitsa mankhwala, ndipo komwe kuli makina amayamba wajambulanso EEG. Kusiyako kumachitika potsitsa mlingo pang'onopang'ono kwa masabata kapena miyezi.

Kafukufuku wa ku Nova Scotia m'dziko la Canada, yemwe adasindikizidwa mu 1996, adatsatira ana odwala khunyu losagwetsa kufikira atakula ndipo adapeza kuti 65 mwa 100 aliwonse adachiriratu, pomwe 15 mwa 100 aliwonse adadzayamba mtundu wina wa khunyu la achinyamata lomwe limadzidzimutsa manja m'mawa ndipo limafuna mankhwala kwa nthawi yaitali.

Pali magulu awiri a ana omwe amafunika kutumizidwa ku chipatala chachikulu. Loyamba ndi la omwe khunyu losagwetsa lawayamba mochedwa, cha m'ma zaka 10 kupita mtsogolo, chifukwa ambiri mwa iwo amadzagwanso khunyu lophiriphitha ndipo sasiya mankhwala msanga. Lachiwiri ndi la omwe lawayamba asanakwanitse zaka 4, chifukwa pafupifupi mmodzi mwa 10 aliwonse amakhala ndi vuto lobadwa nalo lomwe limalepheretsa shuga kulowa bwino mu ubongo, ndipo chithandizo chake chimadalira zakudya zapadera zamafuta ambiri zomwe akatswiri amakonza.

Kusukulu ndi kunyumba

Mankhwala akayamba kugwira ntchito, ntchito ya mphunzitsi imakhala isanathe. Ofufuza a ku America aja adapeza kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa atatu aliwonse adali kale ndi vuto loika chidwi pa ntchito asanayambe mankhwala, ndipo mwa ambiri vutoli lidapitirira ngakhale khunyu litasiya. Mwana wotere amathandizika akakhala kutsogolo m'kalasi, akabwerezeredwa malangizo komanso akapatsidwa mpata wolemba zomwe adaphonya.

Mwana akagwidwa khunyu losagwetsa palibe chifukwa chomukuwira, kumugwedeza kapena kumuthira madzi. Chofunika ndi kukhala naye pafupi, kumuteteza ngati ali pamalo oopsa, ndipo likatha kumubwerezera zomwe zimanenedwa.

Ngakhale masekondi 10 amaoneka ochepa, ndi okwanira kuti mwana amire, apse kapena agundidwe ndi galimoto. Kufikira khunyu litasiyiratu, mwanayo asasambe yekha kumtsinje kapena kunyanja, asatunge madzi yekha pachitsime, asasiyidwe yekha pamoto, asakwere mumtengo ndipo asapalase njinga pamsewu wodutsa magalimoto. Kupatula izi, ali ndi ufulu wophunzira ndi kusewera ndi anzake monga mwana wina aliyense.

Zomwe zikukhudza adindo

Bungwe la WHO likuti anthu pafupifupi 50 miliyoni pa dziko lonse ali ndi khunyu, ndipo pafupifupi 80 mwa 100 aliwonse amakhala m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene. Bungweli likutinso anthu okwana 70 mwa 100 aliwonse atha kukhala osagwidwa khunyu atapezeka msanga ndi kulandira mankhwala oyenera, koma m'maiko osauka atatu mwa anayi aliwonse salandira chithandizo chomwe amafunika.

Mu May 2022, msonkhano waukulu wa maiko omwe ali mamembala a WHO udavomereza ndondomeko ya zaka 10 yolimbana ndi khunyu ndi matenda ena a mu ubongo, yomwe ikutha mu 2031. Mwa zina, ndondomekoyi ikufuna kuti dziko lililonse lionjezere ndi theka chiwerengero cha anthu a khunyu omwe akufikiridwa ndi chithandizo poyerekeza ndi momwe zidalili mu 2021.

Ethosuximide, valproate, lamotrigine ndi levetiracetam onse ali pa mndandanda wa WHO wa mankhwala ofunikira, ndipo levetiracetam adaonjezeredwapo mu 2023. Komabe m'maiko ambiri osauka ethosuximide sapezekapezeka, ndipo zikatero madokotala amakakamizika kusankha pakati pa valproate, yemwe ali ndi chiopsezo kwa atsikana, ndi lamotrigine, yemwe mphamvu yake ndi yocheperapo.

M'dziko muno, mankhwala a m'zipatala za boma amagulidwa kudzera ku Central Medical Stores Trust, pomwe bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority ndi lomwe limavomereza mankhwala olowa pamsika ndi kulandira malipoti a mavuto odza ndi mankhwala. Ogula mankhwala amadalira ziwerengero zochokera m'zipatala, choncho ngati m'kaundula mwangolembedwa kuti khunyu popanda kutchula mtundu wake, kufunika kwa mankhwala a khunyu losagwetsa sikungaonekere pa nthawi yokonza bajeti.

Kumbali ya maphunziro, aphunzitsi a Sitandade 1 mpaka 4 ndi omwe amakhala ndi ana a msinkhuwu maola ambiri pa tsiku, kotero ndi omwe ali ndi mwayi woyamba woona zizindikiro. Alangizi a zamaphunziro a m'mazoni, makomiti a sukulu ndi alangizi a zaumoyo a m'midzi atha kuthandiza kuti mwana yemwe akudukizadukiza m'kalasi atumizidwe kuchipatala m'malo mopatsidwa chilango.

Tsiku lokumbukira matenda a khunyu pa dziko lonse limachitika Lolemba lachiwiri la mwezi wa February chaka chilichonse, ndipo limapereka mpata kwa makhonsolo, zipatala ndi sukulu wofalitsa uthenga wa khunyu losagwetsa kwa makolo ndi aphunzitsi.